Njanji ya Mabiliyoni ndi Miseu ya Mabasi: Mbiri ya Ndalama za Mtengatenga m'Cigawo ca Kum'mawa

Pa Ciweru cothera ca mwezi wa Ogasiti caka ciri conse, anthu zikwizikwi amasonkhana ku Mkaika m'boma la Katete pa mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi. Amacokera m'Zambia muno, ku Malawi ndi ku Mozambique. Ena amabwera pa mabasi akuluakulu ocokera ku Lusaka, ena pa malole ndi makanta, ena pa njinga zamoto ndi zopalasa, ndipo a m'midzi yapafupi amangoyenda pansi. Palibe ndi mmodzi yemwe amene amafika pa sitima ya pamtunda. Njanji yoyandikira kwambiri inathera ku Chipata, makilomita oposa 80 kucokera pa Katete, ndiponso ndi ya katundu, osati ya anthu.

Ngakhale ziri tero, anthu a m'maboma a Katete, Sinda ndi Vubwi akhala akumva nkhani za njanji kwa zaka zoposa 40. Nthawi iri yonse nkhaniyi ikabuka, pamabukanso funso limodzi. Kodi boma, limene thumba lake ndi limodzi, liyambe ndi kumanga njanji yatsopano ya sitima zothamanga, kapena liyambe lakonza miseu, maulalo ndi masiteshoni amene mabasi, malole ndi njinga zikugwiritsa nchito lero lino? Funsoli limafunsidwa ndi ku maiko olemera komwe. Pano tikulongosola mmene layendera ku cigawo ca Kum'mawa, ndalama zimene zinachulidwa, ndi zimene zinacitika pambuyo pake.

Sitima yaliwiro ndi yotani?

Akatswiri a zanjanji amati sitima ndi yaliwiro lalikulu ngati ithamanga makilomita 250 pa ola pa njanji yatsopano, kapena makilomita 200 pa njanji yakale yokonzedwanso. Yoyamba inayamba kuyenda ku Japan mu 1964, pakati pa mizinda ya Tokyo ndi Osaka. Mu Africa muno yoyamba ndi ya ku Morocco, imene inatsegulidwa mu Novembala 2018. Imalumikiza Tangier ndi Casablanca, ndipo pakati pa Tangier ndi Kenitra imafika makilomita 320 pa ola. Inadya ndalama zoposa madola 2 biliyoni a ku America.

Sitima yotere imafuna njanji yakeyake yoongoka, yochingidwa ndi mpanda mbali zonse kuti ng'ombe, mbuzi ndi ngolo zisadutsepo. Imafuna magetsi osazima, cinthu cimene ali yense wokumbukira cilala ca mu 2024, pamene magetsi anali kuzima maola oposa 17 pa tsiku, angacimvetse kulemera kwake. Koposa zonse imafuna anthu ambirimbiri okwera tsiku ndi tsiku, okhala m'mizinda ikuluikulu iwiri kapena itatu, amene angathe kulipira tikiti yodula. Palinso nkhani ya kukula kwa njanji. Njanji za m'Zambia, Malawi ndi Mozambique, pamodzi ndi ya TAZARA, mpata wa pakati pa zitsulo zake ndi mamilimita 1,067, pamene sitima zambiri zaliwiro zimayenda pa njanji ya mamilimita 1,435.

Motero njanji imene inalonjezedwa ku cigawo cino siinali ya mtundu umenewu, ngakhale kuti pokambirana anthu ambiri amaichula ngati sitima yothamanga. Koma mkangano wake ndi womwewo: ndalama zocuruka pa cinthu cimodzi cacikulu catsopano, kapena ndalama zomwezo pa zinthu zing'onozing'ono zambiri zimene zilipo kale.

Makilomita 27 amene anatenga zaka 28

Phunziro loyamba liri pa njanji ya Chipata ndi Mchinji. Dziko la Malawi, ndi thandizo la dziko la Canada, linafikitsa njanji yake ku Mchinji kuciyambi kwa zaka za m'ma 1980. Nchito yolumikiza njanjiyo ndi Chipata inakhazikitsidwa mu 1982, m'nthawi ya malemu a Kenneth Kaunda. Mtunda wake unali waufupi, makilomita pafupifupi 27 cabe. Koma mtengo wa mkuwa unali utagwa, cuma ca dziko cinali pa mabvuto, ndipo nchito inaima. Mtumbira wa dothi umene anaunjika kuti payalidwe zitsulo unamera udzu kwa zaka zoposa 20.

Boma la malemu a Levy Mwanawasa linadzutsanso nchitoyi mu 2006, pa mtengo wa madola pafupifupi 10 miliyoni. Mu Ogasiti 2010 malemu a Rupiah Banda anatsegula njanjiyi ku Chipata, pamodzi ndi malemu a Bingu wa Mutharika a ku Malawi. Ciyembekezo cinali cacikulu, ndipo cinali ndi maziko ake. Kucokera ku Chipata kukafika ku doko la Nacala pa nyanja ya Indian ndi makilomita pafupifupi 1,150, njira yaifupi koposa ya ku Dar es Salaam kapena ya ku Durban. Feteleza ndi mafuta zikadabwera mochipa, ndipo fodya, thonje ndi nshawa zikadaturuka mochipa.

Cimene cinatsatira ndico cifunika kucikumbukira. Njanji inatsegulidwa, koma sitima sizinayambe kuyenda. Ku Chipata kunalibe doko la pamtunda, kutanthauza malo osungira, kupakira ndi kutsitsa makontena, okhala ndi makina onyamulira katundu ndi maofesi a msonkho. Mitu ya sitima ndi mabogi zinali zosakwanira. Panapita zaka pafupifupi zinai, kufikira mu 2014, kuti kampani ya Zambia Railways iyambe kuyendetsapo sitima za katundu. M'zaka zotsatira madzi osefukira anaononga zigawo zina za njanji m'kati mwa Malawi, ndipo sitima zinaimanso kwa nthawi yaitali. Njanji ndi unyolo: ulalo umodzi ukakokoloka pakati pa Lilongwe, Salima ndi Nkaya, siteshoni ya ku Chipata imangokhala nyumba yopanda nchito.

Cipangano ca mu 2016

Njanji ya ku Chipata iri ndi cilema cina cacikulu. Ndi yosalumikizika ndi njanji ina iri yonse ya m'Zambia. Katundu wocokera ku Copperbelt kapena ku Lusaka afunika kuyamba wayenda pa lole makilomita mazanamazana asanakwere sitima. Pofuna kuthetsa bvutoli, mu Novembala 2016 boma la malemu a Edgar Lungu linasaina cipangano ndi kampani ya ku China yochedwa China Civil Engineering Construction Corporation kuti imange njanji yocokera ku Chipata, kudzera ku Petauke, kukalumikizana ndi TAZARA ku Serenje.

Utali wake unali makilomita pafupifupi 389. Mtengo wake unali madola 2.26 biliyoni, ndipo nchito inayenera kutha m'zaka zinai. Sitima za anthu zinayenera kuthamanga makilomita 120 pa ola, za katundu makilomita 80. Tikagawa mtengowo ndi utali wa njanji, kilomita imodzi inali kudya madola pafupifupi 5.8 miliyoni. Cifukwa cake sicobvuta kucimvetsa kwa munthu wodziwa dzikoli: kuti njanji ifike ku Serenje ifunika kutsikira m'cigwa ca Luangwa, kuoloka mtsinjewo, ndi kukwera mapiri a Muchinga. Kumeneko ndi kwa maulalo ataliatali ndi kuswa matanthwe.

Pakati pa Chipata ndi Petauke ndi pamene pali Katete ndi Sinda, ndipo nkhaniyi inalandiridwa ndi manja awiri m'maboma amenewa. Koma pali mfundo imodzi imene sinamveke bwino m'cisangalaloco. Njanjiyi siinali kulowera ku Lusaka. Munthu wa ku Chipata wofuna kupita ku likulu la dziko pa sitima akadayamba wapita ku Serenje, kenaka pa TAZARA kukafika ku Kapiri Mposhi, ndiyeno pa Zambia Railways kutsikira ku Lusaka. Ulendo wonsewo ndi makilomita pafupifupi 800, pamene pa mseu wa Great East ndi makilomita pafupifupi 570, amene basi imamaliza m'maola 8 kapena kuposerapo pang'ono. Ndiponso liwiro la makilomita 120 lija likadakhala pa cigawo catsopano cokha. Kunena zoona, iyi inali njanji ya mkuwa, feteleza ndi mafuta. Okwera anali ongoonjezerapo.

Zaka zinai zija zinatha mu 2020 popanda citsulo coyalidwa.

Nkhongole

Cimene cinaimitsa nchitoyi ndi ndalama, ndipo kuti timvetse tifunika kubwerera ku mwezi wa Sepitembala 2012. M'mwezi umodzi umenewo boma la malemu a Michael Sata linacita zinthu zitatu zazikulu. Linalanda njanji ya dziko m'manja mwa kampani ya Railway Systems of Zambia, imene inali kuiyendetsa kuyambira mu 2003. Linakongola madola 750 miliyoni pa misika ya ndalama ya kunja, nkhongole yodziwika ndi dzina lakuti Eurobond, ndipo madola 120 miliyoni mwa ndalamazo anapatsidwa ku Zambia Railways. Linakhazikitsanso ndondomeko ya Link Zambia 8000, yofuna kumanga ndi kukonza miseu ya makilomita 8,000 m'zaka zisanu.

Panatsatira Eurobond yaciwiri ya madola 1 biliyoni mu 2014, ndi yacitatu ya madola 1.25 biliyoni mu 2015, kuonjezera pa nkhongole zina zomangira mabwalo a ndeke, malo opangira magetsi ndi miseu ya m'mizinda. Dziko linafuna njanji, miseu ndi mabwalo a ndeke pa nthawi imodzi. Akuluakulu anati ici cakoma ici cakoma, pusi anagwa cagada. Mu 2018 unduna wa zacuma unalengeza kuti ukuimitsa kutenga nkhongole zatsopano zimene zinali m'njira, ndi kuti ndalama zipite coyamba ku nchito zimene zinali pafupi kutha. Mu Novembala 2020 Zambia inalephera kulipira ciongoladzanja ca madola 42.5 miliyoni pa Eurobond, ndipo inakhala dziko loyamba mu Africa kulephera kulipira nkhongole m'nyengo ya mliri wa Covid-19.

Boma la a Hakainde Hichilema, limene linalowa mu Ogasiti 2021, linagwirizana ndi bungwe la IMF pa thandizo la madola 1.3 biliyoni mu Ogasiti 2022. Mu Juni 2023 maiko amene Zambia inakongolako anabvomera kusintha kalipiridwe ka nkhongole ya madola 6.3 biliyoni, ndipo eni ma Eurobond anabvomera zawo mu 2024. Dziko limene liri pa mapangano otere silingangodzuka ndi kukongola madola 2 biliyoni pa njanji imodzi.

Mmene anthu amayendera

Pamene zonsezi zinali kucitika, anthu sanaleke kuyenda. Ndipo mayendedwe awo boma linaturukamo kale. Akuluakulu akukumbukira mabasi a United Bus Company of Zambia, odziwika kuti UBZ, amene anali a boma ndipo anali kufika ndi ku madera akutali kumene kunalibe phindu. Anali ocedwa, odzaza ndi ofa-ifa m'njira, koma anali kufika. Kampaniyi inatsekedwa mu 1995, m'nthawi ya malemu a Frederick Chiluba, pamene boma linatsegula malonda a mtengatenga kwa anthu wamba ndi kupeputsa msonkho wa mabasi olowa m'dziko. Kuyambira pamenepo, basi imapita kumene mwini wake aona kuti mseu sudzamuthyolera galimoto ndiponso okwera adzakwanira.

Ici ndi cifukwa cake pa mseu wa Great East mabasi ndi ambiri, abwino ndi opikisana, pamene makilomita 20 okha kucoka pa tala munthu amayembekezera kanta kapena njinga yamoto. Udindo wa boma pa mayendedwe a anthu tsopano uli pa zinthu zitatu: mseu weniweniwo, umene uli m'manja mwa bungwe la Road Development Agency ndi makhonsolo, ndalama zosamalira mseu, zimene zimasonkhanitsidwa ndi National Road Fund Agency kudzera m'msonkho wa mafuta ndi zipata zolipirirapo, ndi citetezo, cimene amayang'anira a Road Transport and Safety Agency. Mabungwe atatuwa anakhazikitsidwa ndi malamulo a mu 2002. Kotero ponena za kuika ndalama pa mtengatenga umene ulipo kale, ku cigawo cino tikunena makamaka za miseu, maulalo, makalavati ndi masiteshoni a mabasi.

Ulendo wa munthu wa kumudzi uli ndi zigawo ziwiri. Tiyerekeze mai wa m'dera la mfumu Kawaza kapena mfumu Mbang'ombe amene atumizidwa kucokera ku kacipatala ka kwao kupita ku cipatala ca St Francis pa Katete, kapena wa m'dera la mfumu Nyanje wopita ku cipatala ca mishoni ca Nyanje. Cigawo ca pa tala ndi cacifupi ndi cosabvuta. Cigawo cobvuta ndi ca kucokera pakhomo pake kukafika pa talapo, makamaka m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale pamene madambo adzaza ndipo timitsinje tasefukira. Pamenepo ndi pamene nthawi imathera, ndi pamene ndalama zimathera, ndipo nthawi zina ndi pamene moyo umathera. Sitima yothamanga makilomita 120 pa ola, ngakhale 300, siifupikitsa cigawo cimeneci ndi phazi limodzi lomwe.

Cimodzimodzi mlimi. Cigawo ca Kum'mawa, cimene kalembera wa mu 2022 anapeza kuti ciri ndi anthu pafupifupi 2.5 miliyoni, ndi nkhokwe ya cimanga, nshawa, soya, mpendadzuwa, thonje ndi fodya. Alimi ambiri ndi ang'onoang'ono, obalalika m'midzi. Mtengo umene wogula woyendayenda amapereka pa thumba la soya umatsika malinga ndi kuipa kwa mseu, popeza iye amacotseratu ndalama za mafuta ndi za zitsulo za galimoto. Feteleza naye akacedwa kufika pa depoti cifukwa lole yatitimira, mbeu siiyembekeza.

Zimene ndalama zocepa zinacita

Mseu wa Great East ndi umboni wa zimene kukonza cinthu cakale kungacite. Umacokera ku Lusaka, kudzera ku Chongwe ndi Rufunsa, kuoloka ulalo wa Luangwa umene unatsegulidwa mu 1968, ndi kupitirira ku Nyimba, Petauke, Sinda, Katete ndi Chipata mpaka pa malire a Mwami. Kuyambira ca mu 2013, cigawo ca makilomita pafupifupi 360 ca pakati pa ulalo wa Luangwa ndi Mwami cinamangidwanso ndi thandizo la bungwe la European Union, banki ya European Investment Bank, bungwe la citukuko la dziko la France ndi banki ya African Development Bank. Amene anayendapo kale pa Sinda ndi Katete mseu uli maenje okhaokha safunika kuuzidwa kusiyana kwake. Mu Disembala 2022 a Hichilema ndi a Lazarus Chakwera, amene anali mtsogoleri wa Malawi pa nthawiyo, anatsegula cipata cimodzi ca pa malire a Mwami ndi Mchinji, kuti malole asamaime kawiri. Tsopano oyendetsa magalimoto amalipira pa zipata za msonkho, monga ca Alexander Grey Zulu ku Nyimba ndi ca Reuben Chitandika Kamanga m'boma la Katete.

Miseu ina siinaone mwai wotere. Sinda ndi Vubwi anakhala maboma paokha mu 2012, Vubwi atapatulidwa ku Chadiza ndipo Sinda ku Katete ndi Petauke. Miseu yolumikiza Chipata, Chadiza, Vubwi ndi Katete inali pa mndandanda wa Link Zambia 8000. Nchito inayamba, koma ndalama zolipira makontilakita zitasowa inaima kwa zaka zambiri, ndipo mafumu ndi aphungu a m'maderawa anadandaula kosalekeza. Mseu wosiyidwa pakati nthawi zina umaipa koposa umene sunakhudzidwe, popeza dothi lofukulidwa limasanduka fumbi m'cilimwe ndi matope m'dzinja. Kwa anthu a mfumu Pembamoyo ku Vubwi, boma lokhala pa malire a Malawi ndi Mozambique, njanji ya ku Serenje ikadadutsa kutali. Cimene cinali pafupi ndi mtima wao ndi mseu wopita ku Chipata.

Tikayerekeza ziwerengero, nkhani imaoneka bwino. Mu 2017 banki ya World Bank inabvomereza madola 200 miliyoni okonzera miseu ya kumidzi m'zigawo zingapo za dziko, kuphatikizapo ca Kum'mawa. Mtengo wa njanji ya ku Serenje unali woposa ndalama zimenezi kakhumi ndi kamodzi. Mu 2023 boma linasaina cipangano ca zaka 25 ndi kampani yosakhala ya boma kuti imange mseu wa makilomita 55 wa Katete ndi Chanida, pamodzi ndi cipata ca pa malire, pa mtengo wa madola pafupifupi 80 miliyoni. Ndalama za njanji ija zikadakwanira nchito zotere 28.

Mbali ya njanji

Kungakhale kusaona cilungamo kunena kuti ofuna njanji alibe mfundo. Ali nazo, ndipo yaikulu imaoneka pa Katete pomwepo, pa mphambano ya mseu wa Chanida. Malole olemera opita ndi kucokera ku Tete ndi ku doko la Beira amadutsa pamenepo usana ndi usiku. Akatswiri a miseu anapeza kale kuti kuonongeka kwa tala sikukwera molingana ndi kulemera kwa galimoto, koma mofulumira kwambiri: katundu wa pa ekiselo imodzi akawirikiza kawiri, kuononga kwake kumawirikiza pafupifupi ka 16. Njinga, basi yaing'ono ndi ngolo ya ng'ombe siziononga mseu. Amene amauononga ndi malole a mkuwa, feteleza, simenti ndi mafuta. Sitima ya mabogi 30, iri yonse yonyamula matani 40, imacotsa pa mseu malole 40 a matani 30.

Pa cifukwa cimeneci boma linakhazikitsa lamulo mu 2018 lakuti magawo 30 pa 100 a katundu wolemera monga mkuwa, malasha, shuga, simenti ndi mafuta aziyenda pa njanji. Bvuto linali lakuti njanji yoti inyamule katunduyo ndi yokalamba. Njanji yaikulu ya dziko inaoloka ulalo wa Victoria Falls mu 1905, inafika ku Kabwe mu 1906 ndi ku malire a Congo mu 1909. Cifukwa ca kutha kwa zitsulo ndi mitanda yake, sitima ya anthu yocokera ku Livingstone kupita ku Lusaka yakhala ikutenga nthawi yoposa kawiri imene basi imatenga. Apa mkangano umasintha maonekedwe. Sulinso pakati pa njanji ndi mseu, koma pakati pa kumanga catsopano ndi kusamala cimene cilipo, ndipo njanji yakale iri mbali imodzi ndi mseu wa ku Vubwi.

Njanji imadzilipira yokha pamene pali katundu wocuruka wocokera pa malo amodzi. Citsanzo ciri pafupi. Njanji ya makilomita oposa 900 yocokera ku Moatize m'cigawo ca Tete, kudutsa m'Malawi kukafika ku Nacala, inamangidwa m'zaka zocepa cifukwa kampani ya Vale ya ku Brazil inali ndi malasha mamiliyoni a matani ofunika kufika kunyanja. Nshawa ndi soya za m'midzi zikwi zambiri sizingafanane ndi mgodi umodzi. Zifunika kuyamba zasonkhanitsidwa, ndipo cosonkhanitsira cake ndi mseu wa kumudzi womwe uja.

Maiko ena anaona zotani?

Ku Kenya njanji yatsopano ya Mombasa ndi Nairobi inatsegulidwa mu 2017 pa mtengo woposa madola 3 biliyoni, ambiri mwa iwo okongola ku China. Okwera anaikonda, koma kubweza nkhongole kunalemera, ndipo boma linayamba kukakamiza eni katundu kugwiritsa nchito sitima, lamulo limene linacotsedwa mu 2022. Cigawo caciwiri cinaima pafupi ndi Naivasha mu 2019, cisanafike ku malire a Uganda. Tanzania inayamba kuyendetsa sitima za magetsi pakati pa Dar es Salaam ndi Dodoma mu 2024, pa liwiro la makilomita 160 pa ola, ndipo kumeneko njanji ikulumikiza mzinda wa anthu mamiliyoni ndi likulu la dziko. Ku Morocco komwe, pamene njanji yaliwiro inali kumangidwa, panali magulu a anthu amene anafunsa cifukwa cake ndalamazo sizinapite ku masukulu, zipatala ndi miseu ya kumapiri. Ndipo ku Britain, dziko limene linayambitsa njanji, nduna yaikulu a Rishi Sunak mu Okutobala 2023 anathetsa cigawo ca njanji yaliwiro ya HS2 copita ku Manchester mtengo utakwera kwambiri, nalonjeza kuti ndalamazo zipita ku mabasi, njanji zazing'ono ndi kukwirira maenje m'miseu.

Kumene ndalama zalowera tsopano

Kuyambira mu 2021 kacitidwe kasintha. Nchito zikuluzikulu boma likuzipereka kwa makampani amene amabwera ndi ndalama zao, ndi kuzibweza kudzera m'zolipira za ogwiritsa nchito. Mseu wa Lusaka ndi Ndola wa makilomita 327 unaperekedwa motero mu 2023 pa mtengo wa madola pafupifupi 650 miliyoni, pamene cipangano ca mu 2017 cinali ca madola 1.2 biliyoni. Njira imeneyi imacepetsa nkhongole ya boma, koma iri ndi malire ake. Kampani imalowa kumene kuli malole oti alipire pa cipata, monga ku Chanida. Mseu wa dothi wopita ku sukulu ya kumudzi palibe kampani ingaufune.

Ku mbali ya njanji, maso alowera kwina. Mu Sepitembala 2025 Zambia ndi Tanzania anasaina cipangano ca madola 1.4 biliyoni ndi kampani yomwe ija ya China Civil Engineering Construction Corporation, kuti ikonzenso ndi kuyendetsa kwa zaka 30 njanji ya TAZARA, ya makilomita 1,860, imene inamangidwa pakati pa 1970 ndi 1975. Kumadzulo kuli ganizo la njanji yatsopano yocokera ku Chingola kukalumikizana ndi ya ku doko la Lobito ku Angola, limene likucirikizidwa ndi America ndi European Union. Zonse ziwiri zikutsata mkuwa. Ndi coyenera kuona kuti ndalama zokonzera TAZARA yonse ndi zocepa koposa zimene zinachulidwa pa njanji ya makilomita 389 ya ku Serenje, ndiponso kuti njanji ya ku Serenjeyo ikadakhala yopanda phindu ngati TAZARA imene inali kukalumikizana nayo ikadakhalabe yodwala.

Kwa anthu a ku Mkaika, Sinda ndi Vubwi, thumba limene lafika pafupi kwambiri ndi la citukuko ca m'madera a aphungu, lodziwika kuti CDF. Linakwera kucoka pa K1.6 miliyoni pa dera liri lonse kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022, K28.3 miliyoni mu 2023, K30.6 miliyoni mu 2024 ndi K36.1 miliyoni mu 2025. Makhonsolo ambiri agulira ndalamazi magiledala ndi makina ena okonzera miseu ya dothi, ndi kumanga timaulalo pa mitsinje. Koma thumba lomweli ndi limene limamanganso makalasi ndi tizipatala, kugula madesiki ndi kulipirira ana sukulu, ndipo makomiti a m'mawadi ndi amene amayamba kusankha cimene citsogole. Pa mtengo wa kwaca wa m'caka ca 2025, K36.1 miliyoni inali madola osafika 2 miliyoni. Pa mtengo wa cipangano ca mu 2016, ndalama za dera lonse la Mkaika za caka cathunthu sizikadakwanira kuyala theka la kilomita imodzi ya njanji.